Nyimbo Yodikirira pa Foni

Pamzere wa ku ofesi ya kampani ya mafoni, dalaivala wa thiraki ankaimba kamluzu. Mayi amene anali patsogolo pake anacheuka.

"Pepani bambo, nyimboyo ndinaimva kuti?"

"Ndi ija amatiikira tikaimbira kampani inoyi. Ndinapita kunja kukatula katundu, osazimitsa intaneti. Pongodutsa malire, theka la mayunitsi anga linapita."

"Simunawafunse?"

"Ndinawaimbira ndili komweko. Anati ndidikire pang'ono, n'kundiikira nyimboyi."

"Kenako anakuyankhani?"

"Ayi. Foni inaduka yokha, theka linalo litathera kudikirako. Masiku atatu mkazi wanga osandimva, ali woyembekezera."

"Nanga mukuiimbiranji, poti inakupwetekani chonchi?"

"Ndinaigula modula, amayi. Ndiisiyire ndani?"