Duwa la Galasi Lopita ku Chilobwe

Pa siteji ya minibasi za ku Chilobwe, amayi awiri osadziwana anaima moyandikana. Mmodzi anafungatira kanthu kokulunga m'chitenje.

"Amayi, minibasi zikungokusiyanitu. Simukwera?"

"Ndikuopa kupanikizana. Muli duwa la galasi umu, ndapanga ndekha. Tikuphunzira kuholo ya tchalitchi Loweruka lililonse, kudula magalasi amitundumitundu n'kumalumikiza ndi mtovu."

"Likasweka mudzapanga lina."

"Awiri anaswekera kale m'minibasi. Ndimangofika pakhomo chimanjamanja, zala zili mabala okhaokha. Bambo akunyumba ayamba kufunsa kuti Loweruka ndimapita kuti kwenikweni."

"Iii, mayo!"

"Akuti lero alione ndi maso awo, apo ayi tikakumana kwa ankhoswe."

"Basi tiyeni, tikwere limodzi. Inu mukhale kuwindo, ine kunjira. Chigongono cha kondakitala chizigunda ine."