Othawa Athawe, Munda Sindigulitsa

Pa siteji ya Njewa, mayi Nankhoma atatopa kudikira minibasi anasuzumira m'buku limene bambo wina wachilendo ankawerenga.

"Kodi timadontho timeneti n'chiyani, bambo?"

"Ndi milalang'amba, mayi, magulu akuluakulu a nyenyezi. Akuti thambo likufutukuka, ndiye maguluwa akutalikirana. Kale anali othithikana ngati mbande za fodya pa nazale. Idzafika nthawi, ife titaiwalika kalekale, akutaliwo sadzaonekanso ngakhale ndi makina."

"Ndiye n'zakwathu zimenezo. Abale anga onse anagulitsa minda kwa anthu a m'tauni, wina ali ku Mchinji, wina ku Joni. Ngakhale pamaliro saoneka. Ndatsala ndekha pakati pa mapuloti."

"Nanunso gulitsani, mayi. Tauni ikubwera, simungaiimitse."

"Nanga gulu lathuli, la nyenyezi timazionazi, nalonso lidzamwazika?"

"Ayi, limenelo ndiye n'logwirana. Silidzamwazika."

Mayi Nankhoma anamangitsa chitenje m'chiuno.

"Mwaona? Bukulo ndi lanu, koma simunalimve. Munda umenewo anandisiyira ndi amayi anga, iwonso anawasiyira ndi amayi awo. Othawa athawe, bambo. Ine ndi ana anga aakazi mudzatipeza pompo, tikulima."