Tsiku Limene Azimayi a Chigwirizano Anazimitsa Mafoni

Moni nonse abale ndi alongo mwa Ambuye, makamaka inu azimayi anzanga a Chigwirizano amene mumandidziwa kuti ndine mayi wa mavidiyo. Lero musaope, bandulo ya foni yanu sindikutherani, ndabwera ndi mawu okha. Ndine Mayi Banda wa kuno ku Vubwi, kufupi ndi malire. Ndikufuna kuchitira umboni za tsiku limene bambo a kunyumba kwanga analowedwa ndi mankhwala opopera matimati, moyo wawo n'kutsalira pa chithunzi chimodzi chimene chinkakana kuchoka m'foni yanga.

A Banda ndakhala nawo zaka makumi atatu ndi chimodzi. Ndi munthu wa khasu, wosachuluka zonena, koma akatsegula pakamwa dziwani kuti akukusekani. Foni yawo ndi kaja ka mabatani komanga ndi mphira. Kujambulidwa sankafuna n'komwe, moti ngakhale pa ukwati wa mwana wathu anakabisala kumbuyo kwa anthu. Ankati nkhope yawo boma linaijambula kale pa chitupa, basi zinakwana. Ine ndiye ayi. Chilandirireni foni yamakono yosisita ndi chala imene mwana wathu wa ku Lusaka ananditumizira, ndinapenga nayo. Nkhuku ikaswa anapiye, vidiyo. Kwaya ikaimba, vidiyo. A Banda anandipatsa dzina lakuti Atolankhani, ndipo ndikamadzuka ankafunsa kuti, “Nanga lero dziko limva zotani kuchokera kwa ife?” Ndinkachita ngati ndakwiya, koma mumtima zinkandikoma.

M'nyengo ya madimba mpingo wathu unalandira msonkhano waukulu wa Chigwirizano. Azimayi anabwera pa malole kuchokera ku Sinda ndi ku Katete, ena anaoloka malire wapansi, mazanamazana ndithu, bwalo la tchalitchi lonse mbuu ndi mabulauzi oyera. Ine monga mlembi ndinaimirira tsiku loyamba n'kulengeza kuti kwaya iliyonse ikamaimba, aliyense amene ali ndi foni ajambule ndi kutumiza pa gulu lathu, kuti otsala kunyumba ndi ana athu a kutauni aone. Amene sankadziwa ndinawaphunzitsa ndekha, mmodzimmodzi. Wapampando wathu, Mayi Tembo, anatsutsa. Anati anthu abwera kudzapemphera, osati kudzaloza mafoni kumwamba. Ine ndi pakamwa pangapa ndinawayankha pamaso pa anthu kuti ndi achikale, ndipo kuyambira pamenepo tinangopatsana moni wa pamwamba.

Loweruka m'mawa a Banda anabereka chopopera kupita kudimba. Mankhwalawo anagula kwa munthu wina wochokera ku Mozambique, m'kabotolo kolembedwa Chipwitikizi, ndipo pepala lake linali lofufutika theka. Kunja kunali mphepo. Ndinawauza kuti amange kansalu pamphuno, iwo n'kuseka amvekere, “Zifa ndi mbozi, Atolankhani, osati ine.” Sindinalimbikire. Ndinali pa changu, foni inali itadzaza moto, ndipo tsikulo linali la makwaya.

Dzuwa lili pamutu, ndikujambula kwaya ya ku Sinda, mayi wina anandikoka chitenje n'kundinong'oneza kuti anzawo a kudimba abwera ndi a Banda pa ngolo, ali ku kiliniki. Kiliniki yathu ili tsidya la bwalo la mpira, moyang'anizana ndi tchalitchi. Sindikumbuka mmene ndinadutsira bwalo lija.

Mayo ine! Munthu amene anachoka akuseka uja ndinamupeza ali thasa pa bedi, thukuta lili kamukamu, malovu akungotuluka, minofu ikunjenjemera yokha. Akamapuma pachifuwa pankalira. Ndinawaitana dzina lawo la ubwana limene sinditchula pa anthu, koma sanandiyang'ane. Anamwino anali okha tsikulo. Anali atawavula kale zovala ndi kuwasambitsa, ndipo kabotolo kaja kanali pa tebulo. Anandiuza mosabisa kuti ambulansi yapita ku Chipata ndi mayi wodwala pakati, sibwera msanga. Jakisoni woti angathandize analipo, koma ziphe zopopera mbewu zili mitundumitundu, ndipo jakisoni wothandiza pa mtundu wina akhoza kuvulaza pa mtundu wina. Dzina la mankhwalawo linali litafufutika. Anayesa kuimbira adokotala ku chipatala chachikulu, mawu n'kumangoduka. Chimene chinafika ndi kameseji kakafupi kakuti atumize chithunzi cha botolo ndi cha maso a wodwala, iwo adziwa chochita.

Foni ya anamwino inali itakana kale. Ine ndinati zimenezo ndiye zanga, ndine katswiri. Ndinatenga botolo, anamwino anatsegula zikope za a Banda ndi zala, ndinajambula masowo pamodzi ndi botolo pambali, n'kutumiza ku nambala ya adokotala. Kabwalo kosonyeza kuti chithunzi chili m'njira kanayamba kuzungulira. Kanazungulira, kanazungulira, osatha. Pamwamba pa foni timizere ta netiweki tinali todzaza bwinobwino, koma chithunzi osapita. Ndinatuluka panja, ndinakweza foni m'mwamba, ndinakwera pa ngolo ija, ndinathamangira pa chulu cha kuseri kwa kiliniki ndi nsapato za kutchalitchi. Palibe. Kuphiri kuja kumene mafoni athu amagwira netiweki ya ku Malawi ndi ulendo wa ola lathunthu, ndipo anamwino anati ola tilibe.

Abale, ndinatukwana kampani ya mafoni mawu amene mlembi wa Chigwirizano sayenera kuwadziwa. Kenako mphamvu zinandithera, ndinangokhala pansi pa khonde n'kuyamba kulira. Ndinati, Ambuye, zithunzi za nkhuku ndi za maluwa munkazilola kupita tsiku ndi tsiku, lero chimodzi chokha ichi mwachitsekera chifukwa chiyani? Munthuyu ndimamukonda, sindinamuuzepo bwino chifukwa timangokhalira kusekana, musanditengere ndisanamuuze. Ndinaopa kwambiri. Ndinayamba kuona nyumba yathu ilibe wondiitana Atolankhani.

Pa benchi la pakhondepo panali bambo wina wachikulire amene anabwera kudzatenga mapilitsi ake. Anali a Mwale, mlonda wa mlongoti wa netiweki umene uli pa kaphiri ka kumsika. Ndinkawadutsa masiku onse osawalabadira. Anandiyandikira ndi chipewa m'manja.

“Amayi, pepani, foni yanu ilibe vuto,” anatero. “Anyamata okonza mlongoti akabwera ndimamva zimene amakamba. Mlongoti wathu ndi waung'ono, anaupangira anthu a m'mudzi muno. Uli ngati mjigo umodzi. Inu mwabwera ndi kapu, koma kutsogolo kwanu kuli anthu mazana ndi migolo.”

Ndinafunsa kuti migolo yake iti. Iwo anangoloza ndi chipewa tsidya la bwalo. Kwaya inali pakati pa nyimbo, ndipo manja mazanamazana anali m'mwamba, foni iliyonse ikujambula ndi kutumiza monga mmene mlembi wawo anawaphunzitsira. A Mwale anati vidiyo imodzi imalemera kuposa zithunzi zambirimbiri, ndipo ikakanika kupita siigona, imangoyesabe. Anati ndione m'foni yanga momwe. Ndinapeza mavidiyo anga asanu ndi imodzi a m'mawa uja ali pa mzere, onse akuzungulira, kulimbirana njira ndi maso a mwamuna wanga. Manyazi amene ndinamva sindingathe kuwafotokoza. Njira ndinaitseka ndine.

Ndinafufuta onsewo pomwepo, koma chithunzi sichinapitebe. A Mwale anati pokhapokha anthu aja atazimitsa mafoni, ngakhale kwa mphindi khumi zokha. Paja amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndinavula nsapato n'kuthamanga.

Wogwira maikolofoni anali Mayi Tembo, omwe aja ndinawanyoza. Ndinagwada pamaso pawo, fumbi lili thoo, mpango utagwa, n'kuwauza zonse mwachidule. Ndinkayembekeza kuti anena kuti suja ndinanena, ndipo akanakhoza. Sananene. Anandigwira phewa, anakweza dzanja, kwaya inaima pakati pa vesi.

“Azimayi, tamverani,” anatero ndi liwu lawo lalikulu lija. “Mwamuna wa mnzathu akufa tsidya ilo, ndipo chithunzi chomupulumutsa chikusowa podutsa chifukwa cha mavidiyo athu. Lero chopereka si ndalama. Aliyense azimitse foni, abwere nayo pano.”

Anamasula chitenje chawo chapamwamba n'kuchiyala pansi. Abale, zimene ndinaona ndidzafa nazo. Azimayi a ku Katete, a ku Sinda, a kutsidya kwa malire, anthu oti a Banda sanawaonepo chibadwire, anayamba kubwera pa mzere, aliyense akuzimitsa foni ndi kuiika pa chitenje. Ena anali pakati potumizira ana awo nyimbo imene anaiphunzira miyezi itatu, koma anadula. Agogo ena sankadziwa pozimitsira, anangoipereka kwa mnzawo amvekere, “Ipheni ndinu, ine imandikana.” Chitenje chinadzaza, anayala china. Kenako onse anagwada pa fumbi paja, Mayi Tembo n'kuyamba pemphero.

Ndinabwerera ku kiliniki foni ili m'manja, ndikuopa kuiyang'ana. Ndili pakati pa bwalo la mpira ndinasuzumira. Kabwalo kaja kanali katasowa, m'malo mwake munali timizere tiwiri tosonyeza kuti chafika. Ndisanafike n'komwe pakhonde foni inalira, ndipo mawu a adokotala ankamveka ngati ali m'chipinda momwemo. Botololo ankalidziwa, anali ataonapo alimi ena atavulala nalo, ndipo timaso ta a Banda timene tinachepa ngati njere za mpiru tinawatsimikizira. Anauza anamwino jakisoni woyenera ndi mlingo wake, n'kukhala nawo pa foni osadula, akuwauza nthawi yobwerezera, mpaka pachifuwa panasiya kulira.

Azimayi aja sanayatse mafoni patatha mphindi khumi. Anakhala choncho masana onse, akuimba chapansipansi, kudikira kuti anamwino anene kuti zatheka. Ambulansi inafika dzuwa litapendeka, a Banda akupuma okha bwinobwino. Ku chipatala anakhalako masiku asanu.

Tsiku lachiwiri atatsegula maso ndinawafotokozera zonse ndikulira, ndipo ndinawauzanso mawu aja ndinkaopa kuti apita osawamva. Ndi liwu lofooka anati, “Ndiye mukuti azimayi mazana anasiya mafoni masana onse? Chozizwitsa ndi chimenecho, Atolankhani, osati kuchira kwangaku.” Ndinawamenya ndi mpango, ndikuseka ndi misozi yomwe. Apo ndinadziwa kuti munthu wanga wabwerera.

Ndikuthokoza Mulungu amene anandiyankha kudzera mwa mlonda amene sindinkamupatsa moni, ndi mayi amene ndinamunyoza. A Mwale, anamwino athu, adokotala amene nkhope yawo sindiidziwa, Ambuye akudalitseni. Mayi Tembo ndinapita kwawo ndi nkhuku kukapepesa, iwo n'kundiuza kuti nkhukuyo alandira koma ndisaijambule. Ndipo inu azimayi nonse amene munaika foni pa chitenje, ndilibe choti ndingakubwezereni. Chinthu chokongola kuposa zonse zimene ndaona m'moyo wanga chilibe vidiyo, chifukwa onse oti akanajambula anali atagwada. N'chifukwa chake ndachilemba.

Kwa inu amene muli pa mayesero, pemphero lanu likuoneka ngati likungozungulira osapita, musataye mtima. Limbikirani, ndipo musachite manyazi kugwada pamaso pa anthu ndi kupempha, ngakhale kwa amene munalakwirana naye. Alimi anzanga, mankhwala opanda dzina looneka asiyeni, ndipo mangani pamphuno popopera. Mavidiyo sindinasiye, ndinganame, koma pamene pasonkhana anthu ambiri ndimadikira ndikafike kunyumba.

Chithunzi cha maso chija ndikadali nacho. A Banda atachiona anapukusa mutu, anati zaka zonsezi ndakhala ndikuwapempha kuti ndiwajambule, ndiye ndasankha tsiku limene anaipa kwambiri. Lamulungu lotsatira, tisanapite kutchalitchi, anavala jekete lawo la pa ukwati, anatenga mpando n'kukakhala pansi pa mtengo wa mango, manja pa mawondo.

“Jambulani chabwino tsopano,” anatero. “Koma musatumize kwa aliyense, mungatsekere wina njira.”

Sindinatumize. Chili m'foni yanga, ndipo ndimachiona ndekha m'mawa uliwonse ndikamathokoza. Ambuye akusungeni nonse. Ameni.