Tsiku limene anabisa Esinati ku Nsefu

Abale ndi alongo mwa Ambuye, mtendere ukhale nanu. Tsikulo kunatentha kuyambira m'mamawa, mphepo kunalibe, nyenje zikungolira m'mitengo ya tsanya. Mwana wanga Esinati, yekhayo amene malemu mkazi wanga anandisiyira, anali ndi chotupa cha khansa pachiwindi, ndipo mankhwala onse anali atalephera.

Dokotala wina ku Lusaka anamupezera malo pa kafukufuku wa kunja kwa dziko. Anati amalowetsa m'magazi tinthu tosaoneka ndi maso, tokutidwa ndi mafuta, tonyamula uthenga mpaka m'chotupa. Uthengawo umakatontholetsa jini, kalamulo ka m'thupi kamene kamauza chotupa kuti chizikula. Sanatilonjeze kuchira. Esinati anasaina yekha.

Ine ndinalakwa posakhala pansi ndi amalume ake. Kwathu kuno mwana ndi wa kuchikazi, ine ndine mkamwini chabe. Atamva kuti azikamutenga magazi sabata iliyonse, anati zimenezo n'zausatana. M'mawa wa ulendo, pobwera kogwira malo m'minibasi, ndinapeza mphasa yokha. Amalume akewo anali atapita naye kumudzi kwawo ku Nsefu pangolo. Tikanaphonya ndege ya tsiku lotsatira ku Lusaka, malo ake akanapatsidwa wina.

Ndinagwada pamphasapo, pemphero losatuluka. Ndipamene anafika a Mutinta, nesi wa pakiliniki yathu wochokera kum'mwera, atabweretsa makalata a Esinati. Sanafunse zambiri, anangondikweza panjinga yamoto.

Tinapeza amalume atatsekereza pakhomo. "Alamu, mwaswera bwanji?" ndinatero.

"Bambo, magazi amene azimutengawo sapitirira supuni ziwiri," anatero a Mutinta. "Tiyeni naye ku Lusaka, mukafunse nokha dokotala."

"Mwana wa mlongo wanga sagulitsidwa!"

Esinati anatuluka atagwirira khoma. "Amalume, amayi munawasunga m'nyumba yomwe ino mpaka anamwalira. Ine ndiloleni ndikayese."

Dzuwa linali litafika paliwombo, minibasi yomaliza ili pafupi kunyamuka. Kenako amalume anapatuka pakhomo, nkhope atayang'ana kumbali. Minibasiyo tinaipeza, ndipo ndege sitinaiphonye.

Lero chotupa chachepa. Sichinatheretu, ndipo madokotala akumuyezabe, koma Esinati akudya ndipo akupita yekha kutchalitchi. Ndikuthokoza Mulungu amene anatuma mlendo pamene ine mphamvu zinandithera. Inu amene mukudwazika, musaleke kupemphera, ndipo muzikambirana ndi abale nthawi ikadalipo.

Alamu anga aja pamodzi ndi anthu amene anawathandiza kukankha ngolo sanabwerepo kudzapepesa. Anachita mantha, monganso ine. Ndinawakhululukira.