Dzanja la Mayi Wosoka

Wojambula wina anatha miyezi isanu ndi iwiri pachithunzi chimodzi, cha mayi akusoka pamakina, mpaka mwini nyumba yoonetsera zithunzi anamuuza mosapita m'mbali kuti chikapanda kufika Lachisanu masana, malo ake pakhoma apatsa wina, ndipo asadzabwerenso. Lachisanulo 11 koloko, m'chipinda chojambuliramo munalowa mlamu wake, mchimwene wa mkazi wake, atanyamula kope: mlonda wa pageti pafakitale ya sopo, munthu amene tsiku lina anabweza bwana wake weniweni chifukwa choiwala chiphaso.

"Alamu, ndabwera kudzatenga chithunzi."

"Sichinathe," anatero wojambula, ataima kutsogolo kwa chithunzi chofundika nsalu ngati nkhuku yoteteza anapiye.

Mlamu anatsegula kope, nanyambita chala. "Nambala wani: 'Ndikanena kuti sichinathe, musamve.'"

"Zimenezo ananena ndani?"

"Inu. Lolemba, pakhonde, tikumwa tiyi. Munati mumadzidziwa nokha, ndilembe zonse. Munasainanso, apa."

"Aa, Lolemba ndi kale, alamu. Munthu amasintha maganizo."

"Nambala thuu: 'Ndikanena kuti munthu amasintha maganizo...'"

"Chabwino, chabwino. Koma tamverani. Dzanja lakumanzere la mayiyu lili ndi vuto. Ndalijambula n'kulifufuta kakhumi konse, koma ndikaliyang'ana mtima sukhala pansi. Vutolo sindikuliona, koma lilipo. Ndipatseni ola limodzi."

"Ola limodzi ndi nambala fili. Mphindi khumi ndi nambala folo, musavutike n'kupempha."

Wojambula anapachika burashi kukhutu, nafewetsa mawu ngati munthu wodzabwereka njinga.

"Alamu, inu ndi ine tinachokera kutali. Chithunzi cha ukwati wanu anakujambulirani ndani?"

"Inu. Chinafika mwana wathu wachiwiri akuyamba kukwawa."

"Eetu, luso silithamangitsidwa. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

"Miyambi ndi nambala faifi. Munati mukayamba miyambi ndidziwe kuti zifukwa zakutherani."

"Ii, mutu wanga ine. Ukuwawa apa, mpaka kuno."

"Mapiritsi ndabwera nawo. Munati awiri." Mlamu anawaika patebulo, pakati pa maburashi.

"Nanga ndikakuthamangitsani m'nyumba mwanga muno?"

"Munati ndikhale pansi." Anakoka mpando, naukhazika pakhomo penipeni, n'kukhalapo, kope pamwendo.

Wojambula anazungulira chipindacho kawiri, akudumpha zitini za penti. Kenaka anausa moyo, natambasula manja.

"Basi, mwapambana. Tengani. Koma musachivundukule, penti sinaume."

Mlamu sananyamuke. Anangotembenuza tsamba.

"Nambala eyiti: 'Ndikavomera msanga, chofundikacho ndi chabodza. Chenichenicho ndabisa kuseri kwa kabati.'"

Apa wojambula anaseka mpaka kugwira nthiti.

"Apo ndiye mwagwa nayo, alamu. Mumayesa ndaiwala kuti ndinakuuzani za kabati? Kasuzumireni, kuli akangaude okhaokha. Ine si mwana. Ndachisamutsa m'mawa uno achemwali anu akusamba, chili phee pansi pa bedi kuchipinda. Munaona kuti munthu wodzitchera msampha n'kukodwamo yekha?"

Mlamu anadzuka mosafulumira, natsegula zenera, n'kutulutsa mutu.

"Achemwali, akuti pansi pa bedi."

"Mukuyankhula ndi ndani?"

"Nambala naini: 'Ndikayamba kudzitama ndimaulula ndekha. Akazi anga adikire panja ndi takisi.'"

Kuchipinda kunamveka bedi likukokedwa, kenaka mapazi othamanga. Wojambula analumphira kukhomo, koma anapeza mlamu atafika kale, mapewa atadzaza khomo lonse.

"Ndidutse, alamu."

"Muli ndi chilolezo?"

"Nyumba ndi yanga ino!"

"Fakitale inalinso ya bwana. Munati chilolezo chichokere kwa achemwali."

"Ndiye aitaneni."

"Ali otanganidwa, akukwera galimoto."

Chitseko cha takisi chinatsekeka, injini inalira, phokoso n'kuzimirira kumsewu. Wojambula anakhala pachitini cha penti, manja ali lende. Mantha anamugwira, enieni, chifukwa panali patatha zaka zitatu ntchito yake isanaonedwe ndi maso a eni. Koma pansi pa manthawo panali kampumulo, kamene sakanavomera ngakhale mutamukoka lilime.

"M'kope lanulo mwatsala chiyani?" anafunsa motsitsa mawu.

"Chimodzi. Nambala teni: 'Galimoto ikachoka, mundiuze kuti dzanja lili bwino.'"

Wojambula anadzutsa mutu.

"Ndiye ndiuzenitu."

Mlamu anaima njo, nakonza kolala, n'kukhosomola.

"Dzanja lili bwino."

"Zikomo, alamu. Zikomo kwambiri." Anapukuta m'maso ndi kansalu kopukutira maburashi, n'kudzipaka buluu patsaya. "Mawu amenewa akuchokera pansi pa mtima?"

"Ayi, akuchokera m'kope."

"Ha. Nanga inuyo panokha mumaliona bwanji? Paja munaliona Lolemba lija."

"Ine za luso sindizidziwa, alamu. Ntchito yanga ndi kuwerenga olowa ndi otuluka."

"Ingonenani zomwe munaona."

Mlamu anatseka kope, nalilowetsa m'thumba.

"Ndinawerenga zala, zinali sikisi. Koma zimenezo simunati ndikuuzeni."