Alamu Anga Anandigwira Mutu pa Machila

Abale ndi alongo, mtendere wa Ambuye ukhale nanu nonse. Abusa, zikomo pondipatsa kamphindi aka. Ndiyesetsa kufupikitsa, ngakhale amene amandidziwa ayamba kale kuseka.

Ine ndine Mayi Msiska a kuno ku Bangwe. Dzinalo ndi la ukwati. Kwathu ndi ku Nsanje, kuchigwa, kumene phiri timangoliona patali. Bambo a kunyumba kwawo ndi kumpoto, kumapiri a ku Rumphi. Ukwati tinachitira konkuno, ndiye kumudzi kwawoko ndinali ndisanapondeko.

Titangokwatirana, nyumba yathu inasanduka wodi ya chipatala. Mwezi uno kwabwera amalume a maso. Mwezi wamawa azakhali a chotupa. Kachipatala ka kwawo kakalephera amawatumiza ku boma, ku boma n'kuwatumiza kuno, ndipo kuno mbale wawo ndi mmodzi yekha, mwamuna wanga. Ine mumtima ndinkati anthuwa akungofuna tiyi wamkaka ndi buledi wa m'tauni. Ndinkatero, abale! Lamulungu ndili pano kuyimba kwaya, kunyumba nkhope ili ndwii.

Kenako anabwera alamu anga, mlongo wawo wamkulu wa bambo, NyaMsiska. Anali ndi shuga, ndi bala la pamwendo losapola. Adokotala anati akhale kuno miyezi itatu, azipita kukatsukitsa balalo sabata iliyonse.

Sindinawathamangitse ndi pakamwa, ayi. Ndinali mkhristu ine! Ndinkangomenyetsa mapoto. Iwo akalowa pabalaza, ine kutsegula mawindo onse. Moni wanga unali wa liwu limodzi. Patatha masabata atatu anandiitana, nati, "Mulamu, chimanga chikundidikira kumunda. Ndipite." Ine ndinati, "Muyende bwino." Chikwama ndinawanyamulira ndekha mpaka pa siteji ya minibasi, ndipo ndinkayenda mofulumira.

Chaka chotsatira apongozi aamuna anamwalira. Inali nthawi ya mvula, ine ndili ndi pakati pa miyezi isanu ndi itatu. Bambo anandiletsa, koma ndinati anthu anena chiyani mpongozi akapanda kufika pamaliro. Tinakwera basi, kenako lole ya matola. Lole ija inatitsitsa pa timagolosale tina, dalaivala n'kunena kuti msewu wathera pomwepa. Kwinako ndi miyendo. Kukwera, kutsika, kukwera. Ndinafika ndikulira maliro ndi miyendo yomwe.

Titaika maliro, mawa lake m'mamawa ndinayamba kutaya magazi. Abale, magazi! Bambo akuthamanga ndi foni m'mwamba, akwera pachulu, netiweki palibe. Galimoto palibe. Njinga siingakwere mapiri amenewo. Chipatala chili kuseri kwa mapiri awiri ndi mtsinje.

Anthu aja sanakhale pansi kukambirana. Anadula mitengo iwiri, kumangirira bulangeti ndi luzi, machila atheka. Amuna anayi anandiika pamapewa, ena akutsata m'mbuyo kuti azilandirana. Bambo a kunyumba nawo anagwirako, ndi mimba yawo ya muofesi. Tisanamalize phiri loyamba, anthu anawauza kuti, "Akulu, tulani, tisanyamule anthu awiri."

Ndinaona chinthu chimene kuno sindinachione. Tikadutsa pamudzi, amuna ankasiya makasu m'munda, kubwera kudzalowetsa phewa. Safunsa kuti wodwalayo ndi ndani. Anyamula mpaka mudzi wotsatira, ena alandira, iwo abwerera kukalima.

Ndipo kumeneko wodwala sayenda mutu uli lende. Mayi wa pabanjapo amayenda pambali pa machila, dzanja lili pansi pa mutu wa wodwala, kumulankhula kuti asagone. Ndinatembenuza maso kuti ndione wandigwirayo. Anali alamu anga. Mwendo uja ataukulunga kansanza, akutsimphina, thukuta lili kamukamu.

Tinafika pamtsinje, wodzaza, madzi ofiira ndi matope. Amuna anakweza machila pamitu, madzi akuwafika pachifuwa. Alamu analowa nawo. Ndi bala lija, abale, analowa! Ndinati, "Alamu, bwererani, mwendo wanu!" Iwo anati, "Khalani chete mulamu, sungani mphamvu. Pachoko pachoko tifika."

Titawoloka, maso anayamba kuchita mdima. Mwana m'mimba anasiya kugunda. Ndinafuna kupemphera, koma ndiyambira pati? Mulungu ndimuuza chiyani, dzanja limene landigwira lili la munthu amene ndinamutsegulira mawindo? Ndinangoti, "Ambuye, ine ndilibe pakamwa. Koma mwanayu sanamenyetse poto. Mukumbukireni yekhayu." Alamu akundimenya timbama patsaya, akuyimba nyimbo ya Chitumbuka. Nyimboyo sindinkaimva, koma ndinaigwiritsitsa.

Tinafika dzuwa litapendeka. Nesi anali mmodzi yekha. Anandiika diripi, n'kuitana ambulansi ya ku boma pa wayilesi, chifukwa pamenepo msewu umafika. Ku boma anandichita opaleshoni. Nditatsitsimuka ndinamva kulira. Mwana wamkazi, wamoyo! Aleluya! Apongozi aakazi anamutcha Lusungu, ndiye kuti chifundo. Lero ali Fomu 2, wandiposa kale msinkhu.

Koma umboni wanga suthera pamenepo. Madzi aja analowa m'bala la alamu. Ine nditachira ndinauza bambo kuti pitani mukawatenge, musabwere nokha. Anabwera nawo, koma tinali titachedwa. Mwendo anaudula m'munsi mwa bondo. Palibe dokotala amene anandiloza chala. Koma ine ndikudziwa amene anasandutsa miyezi itatu kukhala masabata atatu.

Ndinagwada pambali pa bedi lawo m'chipatala, ndikulira ngati mwana. Ndinapepesa zonse, mapoto, mawindo, chikwama chija. Ndinawafunsa kuti, "Alamu, munanditsatiranji ine, zonse ndinakuchitani zija?" Anandiyang'ana ngati ndafunsa zopusa. Anati, "Nanga mutu wanu akanagwira ndani? Amuna sadziwa kugwira mutu. Dzukani apo, mundipatse madzi."

Abale, Mulungu anandichotsa mtima wamwala tsiku limenelo.

Lero kuseri kwa nyumba yathu tinamangako chipinda, muli mabedi awiri. Wodwala wa kumudzi akafika, ndine ndimakamulandira pa depoti. Ndine ndimam'perekeza kuchipatala, kumuimira pamzere, kumumasulira kwa adokotala ndi Chitumbuka changa chothyokathyoka. Ndikamuona akutsika basi, ndimadziwa mapewa angati amunyamula kuti afike pamenepo. Msewu uja mpaka lero sunafike kumudziko. Anthu akunyamulanabe pa machila. Muziwakumbukira m'mapemphero anu.

Alamu timakhala nawo. Timakangana tsiku lililonse, chifukwa amaba shuga n'kuthira mu tiyi ine ndikatembenuka. Ndi awo akhala kumbuyoko. Alamu, kwezani ndodo anthu akuoneni. Onani, akubisa nkhope, amanyazi!

Lusungu ine amanditchula kuti amami. Akati amama, ndiye kuti akuitana iwowo. Ndipo ine sindinamukonzepo ngakhale tsiku limodzi.

Zikomo Yesu. Zikomo alamu. Ameni.