Tulutsani Magalasi M'thumba, a Zgambo

Bwana mkulu wa zaulimi m'boma lino, nduna za mafumu, abusa, amama a Nyamtonga ndi ana anu, alangizi anzanga, ndi inu a Ezron Zgambo amene mukutithawa lelo popuma pa nchito: monile mose.

Dzina langa ndine Danwell Mphande, ngakhale kuno ku Lundazi palibe amalidziwa. Kumsika ndine Kadzidzi. Kutchalitchi, Kadzidzi. Apongozi anga enieni, Kadzidzi. Anandipatsa dzinali ndi bambo akhala apowa, chifukwa cha magalasi angawa. Ndiye komiti itati wolankhula lelo ndine, ndinati Mulungu sagona.

Ndinafika kuno kuchokela ku yunivesite, digili m'chikwama, mapewa m'mwamba. Anandipatsa njinga yamoto ndi chisoti chake. Ku Lusaka anatiphunzitsa matenda onse a fodya, koma palibe pulofesa anatiuza kuti magalasi ndi chisoti ndi akazi a pamitala. Ndinakankha chisoti magalasi ali kumaso. Makutu anapindika, miyendo ya magalasi inalowa m'nyama, misozi mbwee. A Zgambo, amene anauzidwa kuti andionetse midzi, anangoti, "Mwana wasukulu, ukulila chiyani? Sitinanyamuke."

Tinanyamuka, wa ku Mwase. M'njila tinapeza malilo. Mwambo mukuudziwa: sudutsa malilo uli panjinga, chipewa kumutu. Umatsika, umavula, umapepesa. A Zgambo anatsika ngati munthu. Ine, pofuna kuonetsa kuti sukulu sinandithele ulemu, ndinazula chisoti ndi manja awili. Magalasi anauluka. Dziko lonse linasanduka utsi. Kukwawa pansi kuwafufuza pamaso pa anamalilo, ndinachita manyazi. Ndinaona chinthu chitakhala pakhonde, chofunda, chili duu. Ndinati wamasiye ndi ameneyu. Ndinagwada, n'kuwomba m'manja: "Pepani chomene, amama. Mwini zonse ndi Mulungu."

Linali thumba la nshawa.

Sekani, bwana, sekani, ndinazolowela. Nyimbo inaima. Wamasiye weniweni anabisa nkhope m'chitenje, mapewa akugwedela, ndipo sikunali kulila. A Zgambo anawelamila kukhutu kwanga: "Kadzidzi, akuyankha kuti chiyani?"

Nkhani imeneyi a Zgambo aifotokoza pamsonkhano uliwonse wa alimi. Ndadandaula, ndakwiya, ndawaopseza ndi Chingelezi chachikulu, osamva. Koma chilungamo ndinene. Alimi ankabwela kudzamva za thumba, n'kubwelela kwawo atamvanso za mizele ndi manyowa. Ndipo tsiku lijali, amene anakwawa mu udzu mpaka kuwapeza magalasi anga ndi iwo omwewa. Chaka cha chilala, mu 1992, tonse titafooka, iwo sanasiye mudzi ngakhale umodzi. Anamanga mitengo ya chinangwa kumbuyo kwa njinga n'kuyenda nayo khomo ndi khomo. Pali ana lelo ali kusukulu amene anapulumuka ndi chinangwa chimenecho. A Zgambo, tawonga chomene. Nchito mwaigwila.

Tsopano khalani bwino pampandopo. Chaona mnzako chapita.

Masiku apitawa akazi anu, amama a Nyamtonga, anabwela kunyumba kwanga. Anati, "A Mphande." Mwamva? Munthu mmodzi m'boma lonse! "A Mphande, anzanu maso awathela. Akuchipatala anawalembela magalasi, tinagula, koma amakhala m'thumba la jekete. Akuti akavala, Kadzidzi aseka. Sabata yatha anagwela m'ngalande ku Mphamba, dzuwa likuswa mtengo, ati sanaione. Ndipo agula njinga yamoto yawoyawo, akuti akapuma aziyenda nayo kumunda tsiku lililonse. Ine sindifuna mudzandigwadile pakhonde."

Apo sindinaseke, a Zgambo. Ndi pano sindiseka.

Mwandiphunzitsa zambili. Lelo lokha mukhale mwana wasukulu, chifukwa phunzilo ili ndinalilipila ndi makutu anga. Povala, chisoti chimayamba. Kokelani zingwe zake kumbali, mutu ulowe, kenaka mulowetse magalasi pang'onopang'ono, mwendo umodzi, kenaka winawo. Povula, magalasi ndiwo amayamba. Nthawi zonse. Ngakhale pamalilo, makamaka pamalilo. M'mwezi wa Juni, m'mawa kukazizila, siyani kampata pagalasi la chisoti kuti mpweya uzituluka, apo ayi mudzayenda m'nkhungu yanuyanu. Mutha kupakanso kasopo pang'ono pamagalasi n'kupukuta bwino. Pang'ono, ndati. Ine tsiku loyamba ndinapaka ngati ndikuchapa bulangete, ndipo mvula itandipeza ndinafika ku ofesi thovu lili m'maso.

Olipa, bweletsa mphatso ija kwa adada ako. Ichi ndi chisoti chochokela kwa ife tonse. Gwilani m'kati, cha pamakutu. Mwamva timipata tiwili m'siponji? Ndadula ndekha ndi lumo, kuti miyendo ya magalasi izidutsa osakuphwetekani. Kafukufuku wanga yense chichokeleni ku yunivesite ndi ameneyo.

Valani. Ehe. Tsopano pisani m'thumba. Ayi, osati limenelo, la kumanzele, amama anandiuza. Musayang'ane abusa, sakuthandizani. Lowetsani. Mwendo umodzi. Winawo.

Basi.

Taonani uko. Amenewo ndi akazi anu, ndipo akulila. Pitani nawo kumunda, mukapume, mukadye nshawa zanu mwamtendele, ngalande muziiona ikali patali. Ine ndasunga lonjezo, sindinaseke. Ndingopempha kuti kuyambila lelo, wina akaitana Kadzidzi kumsika, muzitembenuka ndinu, ine ndipumeko.

Anzanga, imililani. Manja kwa a Zgambo, ndipo muwombe bwinobwino, chifukwa tsopano akuona amene sakuwomba!